Tabuleti yakana kuyaka, pulojekita ikuzima, gulu la WhatsApp lili zii: kalozera wa aphunzitsi

Kuyambira mu 2023, pulogalamu ya BEFIT yakhala ikufikitsa matabuleti ndi magetsi a sola m'masukulu a pulayimale a boma, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa maphunziro okonzedwa ndi bungwe la onebillion. Ku sekondale ndi m'makoleji nako, chitsekereni sukulu mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, WhatsApp ndi masamba a pa intaneti ophunzirirapo monga Google Classroom ndi Moodle zinakhazikika pantchito ya uphunzitsi. Zida zachuluka, koma madandaulo ndi omwewo teremu ndi teremu. Ambiri mwa iwo sachokera m'kati mwa chida. Amachokera ku moto wosakwana, fumbi, kutentha, chingwe chothyoka ndi kagawidwe ka nthawi. Chida chomwe chalembedwa kuti "chafa" n'kutsekeredwa m'kabati, kawirikawiri chimakhala chamoyo.

Pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira chofala kwambiri. Yambani pamwamba, musalumphe. Ngati zida zanu zinabwera kudzera m'pulogalamu ya boma kapena ya bungwe, malamulo a pulogalamuyo ndiwo oyamba: musatsegule chida, musafufute zonse za m'kati, musaikemo pulogalamu yanuyanu.

## Mafunso atatu musanagwire kanthu

- Chavuta ndi chida chimodzi kapena zonse? Chimodzi, yang'anani chidacho ndi chingwe chake. Zonse, yang'anani magetsi kapena netiweki.
- Vuto limabwera nthawi yanji? La m'mawa limaloza ku batire lomwe silinadzaze dzulo. La masana dzuwa lili paliwombo limaloza ku kutentha.
- Chasintha n'chiyani? Tchaja yatsopano, mtengo womwe wakula, chipinda china, munthu wina wosunga kiyi.

Njira yodalirika yopezera cholakwa ndi kusinthanitsa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tengani chingwe chomwe mukudziwa kuti chikugwira ntchito, muyese pa tabuleti yovutayo. Mukasintha chingwe, tchaja ndi soketi nthawi imodzi, tabuleti iyaka inde, koma simudziwa chomwe chinali chowonongeka, ndipo mawa chidzavutitsa mnzanu.

## Tabuleti siikuyaka kapena siikulowa moto

1. Batire latheratu. Tabuleti ikatha moto mpaka pansi, makamaka itakhala tchuthi chonse m'kabati, siwonetsa kalikonse kwa mphindi zingapo ngakhale ili pa tchaja. Isiyeni pa tchaja yabwino mphindi 30 musanaiweruze. Kenako dinikizani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 20 mpaka 30.

2. Chingwe chathyokera m'kati. Kunja chimaoneka bwinobwino. Chimathyoka pakhosi, pafupi ndi mutu wolowa m'tabuleti, chifukwa chozulidwa pokoka chingwe m'malo mogwira mutu. Chizindikiro chake: moto ukulowa mukachipinda mbali ina, n'kusiya mukachisiya. Chingwe chotere chichotseni m'chipindamo, musachibwezere m'bokosi.

3. Kabowo kotchajira kadzaza fumbi. Mutu wa chingwe sulowa mpaka kumapeto, kapena umangotuluka wokha. Zimitsani tabuleti, walitsani tochi m'kabowomo, ndipo tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano, phini kapena waya ayi: chitsulo chimagunditsa timawaya ta m'kati.

4. Tchaja ndi yofooka. Werengani zolembedwa pa tchajapo. Matabuleti ambiri amafuna 5V ndi 2A kapena kuposerapo. Tchaja ya foni ya mabatani, ya 0.5A kapena 1A, imaonetsa chizindikiro chakuti ikutchaja koma moto sukwera, makamaka sikirini ikakhala yoyaka.

5. Kabowo kagwedera kapena batire lafa. Mwayesa zinayi zapamwambazi ndi chingwe chabwino koma palibe chasintha. Apa pathera ntchito yanu. Lembani nambala ya tabuletiyo, muipereke kwa osamalira zida.

Pofika tchuthi, musasunge matabuleti opanda moto. Asiyeni ali ndi moto wapakati, cha m'ma 50 mpaka 60 peresenti, ozimitsidwa kotheratu, m'chipinda chozizira.

## Matabuleti onse sakudzaza, kapena sola ikutha msanga

Ili ndiye vuto lomwe limadya maphunziro ambiri, ndipo limabwera mwakachetechete: sabata ino matabuleti afika 80 peresenti, sabata yamawa 60, kenako kalasi yachitatu ipeza onse atazima. Kuti mumvetse, werengerani moto ngati mmene mumawerengera ufa wa phala.

Batire la tabuleti wamba limasunga pafupifupi 25 Wh (Wh ndi muyeso wa moto: mawati kuchulukitsa ndi maola). Matabuleti 50 otheratu afuna 1,250 Wh, ndipo poonjezera moto wotayika m'mawaya ndi m'matchaja, tinene 1,500 Wh. Panelo ya mawati 300, pa tsiku la dzuwa labwino la maola 5 amphamvu, imapereka pafupifupi 1,100 Wh zotayika zitachotsedwa. Batire lalikulu la asidi la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma loyenera kugwiritsidwa ntchito ndi theka lokha, 600 Wh, ngati mukufuna likhalitse. Ikani manambala a zida za pasukulu panu m'malo mwa awa. Mudzaona kuti mpata wotsala ndi wochepa kapena palibiretu, ndiye kanthu kakang'ono kamasokoneza zonse.

1. Mapanelo ada. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi phulusa la moto wa tchire zimaphimba galasi. Zitosi za mbalame n'zoipa koposa, chifukwa tizigawo ta m'panelo tinalumikizidwa mondondozana, kotero kachigawo kamodzi kakaphimbika, mzere wonse umafooka. Tsukani ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa galasi lisanatenthe. Madzi ozizira pa galasi lotentha angaliswe. Musakwechepo ndi mchenga kapena sitiliwulu. Nyengo ya fumbi, kamodzi pa masabata awiri. Wokwera padenga akhale munthu wamkulu wokhala ndi makwerero olimba ndi wina womugwirira, osati wophunzira.

2. Moto ukupita kwina. Mafoni a aphunzitsi ndi a anthu oyandikana ndi sukulu, wailesi, makina ometera. Foni imodzi imatenga 10 mpaka 15 Wh, ndiye mafoni 20 adya chakudya cha matabuleti 10. Ketulo ya mawati 2,000 ikayaka mphindi 10 zokha yatenga moto wa matabuleti 13. Nkhaniyi siithetsedwa ndi mmisiri. Imafuna mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu agwirizane poyera kuti matabuleti ndiwo oyamba, ndipo china chilichonse chidikire mpaka atadzaza.

3. Nthawi yotchajira ndi yolakwika. Kutchaja usiku kumakoka moto wonse m'batire lalikulu. Kutchaja pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana kumatenga moto wochuluka molunjika kuchokera ku dzuwa. Konzani ndondomeko ya makalasi kuti matabuleti abwerere pa tchaja dzuwa likadali pamwamba.

4. Mthunzi. Mtengo wa mango womwe unali waufupi poika sola tsopano wafika padenga. Yang'anani mapanelo katatu pa tsiku limodzi: 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko. Kuno kwathu, kumwera kwa equator, panelo imayenera kupendekera kumpoto, ndipo mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa motsika chakumpoto, kotero mtengo womwe sunavute mu Disembala ungavute nthawi yozizira. Sadzani nthambi.

5. Inveta, chida chosintha moto wa batire kukhala wa pasoketi, imagona yoyaka. Ngakhale palibe cholumikizidwa, inveta imadya mawati 10 mpaka 20. Kwa maola 14 a usiku ndi 140 mpaka 280 Wh zongotayika. Ngati malangizo a zida zanu akulola, izimitseni poweruka.

6. Nyengo. Masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, kapena mvula ya mswera ya Januwale ndi Febuluwale, panelo imapereka gawo lochepa la mphamvu zake. Palibe chowonongeka. Chepetsani kuwala kwa sikirini, zimitsani matabuleti pakati pa makalasi, ndipo khalani ndi phunziro la pabolodi lokonzeratu.

7. Batire lalikulu lakalamba. Limaonetsa kuti ladzaza m'kanthawi kochepa m'mawa, n'kutha m'kanthawi kochepa madzulo. Werengani nambala ya pa kontrola, kachida koyendetsa moto pakati pa panelo ndi batire, m'mamawa dzuwa lisanatuluke, zonse zitazimitsidwa. Pa batire la asidi la 12V, 12.6V mpaka 12.7V ndi lodzaza, 12.1V mpaka 12.2V ndi theka, ndipo pansi pa 11.9V ndi lotheratu. Mabatire a lithium ali ndi manambala ena, ndiye tsatirani kabuku kake. Lembani nambalayi tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi, mupatse mmisiri.

Imani pomwepa, itanani mmisiri wa sola, ngati: fyuzi ikupsa mobwerezabwereza, waya watentha kapena wasungunuka, pali fungo la chopsa kapena la mazira owola, batire latupa kapena likudontha, kapena zonse zazima pambuyo pa mphenzi. Musamangirire waya m'malo mwa fyuzi. Musayatse kandulo kapena machesi pafupi ndi batire la asidi, chifukwa potchajidwa limatulutsa mpweya woyaka.

## Tabuleti ikutentha kapena ikuzima yokha

- Yakhala padzuwa kapena m'chipinda chotentha. Matabuleti ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kosapitirira 35°C, pomwe ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, Okutobala ndi Novembala amapitirira pamenepo, makamaka pansi pa malata opanda siling'i. Ikani nthawi ya matabuleti m'mawa, tsegulani mawindo, ndipo musawasiye pawindo.
- Akutchajidwa atasanjikizana. Kutentha kwa wina kumalowa mwa mnzake. Aimikeni motalikirana pang'ono.
- Akugwiritsidwa ntchito ali pa tchaja. Pewani.
- Batire lawonongeka. Tabuleti imazima ikuonetsa 30 kapena 40 peresenti. Iperekeni kwa osamalira zida.

Chizindikiro chimodzi musachinyalanyaze ngakhale tsiku limodzi: batire lotupa. Sikirini imatukuka m'mbali, chikuto chakumbuyo chimatseguka chokha, kapena tabuleti imagwedera mukaiika patebulo. Musaitchaje, musaidinikize kuti itsekeke, musaiboole. Iikeni pa simenti kapena m'ndowa yachitsulo yokhala ndi mchenga, kutali ndi mabuku ndi ana. Ikayamba kufuka utsi, tulutsani ana onse m'chipindamo, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni. Musaitaye kudzala komwe mumatentha zinyalala kapena m'chimbudzi.

## Sikirini siikumva chala, kapena mawu sakumveka

Sikirini: choyamba ndi zala zonyowa kapena za phala. Pukutani ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono, tabuleti itazimitsidwa. Chachiwiri, ngati ikudzidina yokha ili pa tchaja n'kusiya mukaichotsa, tchajayo ndi yoipa. Chachitatu, pulogalamu yaima: zimitsani n'kuyatsanso. Galasi likasweka, ichotseni m'manja mwa ana.

Mawu: mwana yemwe sakumva malangizo sangaphunzire kuwerenga pa tabuleti, ngakhale sikirini ikuwala bwino, ndipo ana aang'ono sanena. Amangokhala chete n'kumadina. Choncho yesani mahedifoni onse ndi khutu lanu kamodzi pa sabata.

1. Voliyumu yatsitsidwa.
2. Mutu wa hedifoni sunalowe mpaka kumapeto. Chikuto cha labala chimautchinga kawirikawiri.
3. Waya wa hedifoni wathyoka chifukwa chokulungidwa mothina, kukokedwa kapena kutafunidwa. Yesani hedifoni ina.
4. Kabowo ka hedifoni kadzaza fumbi kapena kawonongeka.

## Pulojekita siikuonetsa, kapena ikuzima pakati pa phunziro

Ikayaka koma n'kulemba "No signal":

1. Yaikidwa pa khomo lolakwika. Dinani batani la Source kapena Input mpaka lifike pa HDMI kapena VGA, malinga ndi chingwe chanu.
2. Laputopu siikutumiza chithunzi. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate.
3. Chingwe chagwedera, kapena timapini ta VGA tapindika.
4. Kachida kosinthira HDMI kupita ku VGA kafa. Timeneti sitikhalitsa, khalani ndi kena kapadera.

Chithunzi chilipo koma mawu palibe? Chingwe cha VGA sichinyamula mawu. Lumikizani sipika ku laputopu.

Ikamazima yokha patapita mphindi 10 kapena 20, pafupifupi nthawi zonse ndi kutentha. Sefa ya mpweya yadzaza fumbi, kapena pulojekita yaikidwa pa nsalu, pa mabuku, kapena mogundana ndi khoma. Chotsani sefa, ikunthireni panja, siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri mbali zonse. Chachiwiri ndi magetsi osakwana: pulojekita ya babu imafuna mawati 200 mpaka 300, ndiye inveta yaing'ono imalira n'kuzima. Chachitatu ndi babu lokalamba, lomwe limayamba ndi chithunzi chozilala. Pozimitsa, dinani batani lake n'kudikira fani isiye kulira musanazule pasoketi. Kuzula msanga ndiko kumafupikitsa moyo wa babu. Kusintha babu siyirani mmisiri, chifukwa limatentha kwambiri ndipo lili ndi mercury.

Magetsi a ESCOM akazima, zulani pulojekita ndi laputopu pasoketi, mudikire mphindi zingapo akabwera. Mphamvu yodzidzimutsa yobwera nawo ndiyo imapsereza matchaja.

## Intaneti "ilipo" koma tsamba silikutseguka

1. Bandulo yatha, kapena ndi ya mtundu wina. Mabandulo a macheza a TNM ndi Airtel amatsegula WhatsApp kapena Facebook basi. Wophunzira amalandira linki ya Google Classroom, Moodle kapena YouTube pa WhatsApp, koma akaidina siitseguka, n'kuganiza kuti linkiyo ndi yoipa. Funsani kaye mtundu wa bandulo.

2. Tsiku ndi nthawi pa chida n'zolakwika. Zimachitika batire likatheratu, kapena kabatire kakang'ono ka m'kompyuta kakafa. Masamba otetezedwa amakana kutseguka, n'kulemba kuti kulumikizana si kotetezeka. Konzani tsiku, mwezi ndi chaka, muyesenso. Anthu ambiri amataya tsiku lonse pa kanthu aka.

3. Zida zachuluka pa hotspot imodzi, yomwe ndi Wi-Fi yogawira ena intaneti. Foni kapena MiFi (kachida kogawa intaneti pa Wi-Fi) imalandira zida pafupifupi 10, zina kuposera pang'ono, ndipo liwiro limagawidwa kwa onse. Kalasi yonse singaonere kanema nthawi imodzi pa foni imodzi. Tsitsani kanemayo kamodzi, muonetse pa pulojekita kapena mugawe popanda intaneti.

4. Netiweki ndi yofooka m'chipindamo. Makoma a njerwa ndi malata zimatchinga. Onani chilembo pamwamba pa foni: E ndi yochedwa kwambiri, H kapena H+ n'chimodzimodzi 3G, 4G ndiyo yoyenera kanema. Ikani MiFi pawindo loyang'ana komwe kuli nsanja ya netiweki, pamalo okwera.

5. Akaunti yolakwika. Google Classroom imakana wophunzira yemwe walowa ndi imelo ya mchimwene wake, kapena ndi imelo yakeyake pomwe kalasi inapangidwa pa akaunti ya koleji. Pa Moodle, pasiwedi imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo kiyibodi ya foni imakonda kukuza chilembo choyamba yokha.

6. Tsambalo ndilo lagwa. Ngati masamba ena akutseguka ndipo anzanu a netiweki ina akulepheranso, dziwitsani oyang'anira tsambalo, ndipo sunthani tsiku lomaliza lopereka ntchito.

Kusukulu komwe netiweki ndi yosadalirika chaka chonse, kulimbana nayo n'kutaya nthawi. Kolibri ndi RACHEL zimasunga mabuku, makanema ndi mafunso pa kachida kamodzi ka pasukulu, ndipo ophunzira amalumikizako pa Wi-Fi popanda bandulo.

## Bandulo ikutha msanga

Chofala kwambiri ndi zida zomwe zikudzitsitsira zosintha mwakachetechete. Laputopu ya Windows ikangolumikizidwa ku hotspot imatha kudya 1 GB musanatsegule kanthu. Pitani pa makonzedwe a Wi-Fi, muyatse Metered connection. Pa foni, letsani Play Store kusintha mapulogalamu yokha, ndipo pa WhatsApp zimitsani kutsitsa zithunzi ndi makanema kodzichitikira.

Chachiwiri ndi kanema. Ola limodzi la Zoom kapena Google Meet makamera ali oyaka limadya kuyambira 500 MB mpaka kupitirira 1 GB. Makamera akazimitsidwa limatsika kwambiri. Pa YouTube sankhani 360p, yomwe ikwanira phunziro la pabolodi. Uthenga wa mawu wa mphindi 5 pa WhatsApp sufika ngakhale 2 MB, ndipo pa maphunziro ambiri, mawu omveka bwino ndi chithunzi chimodzi cha bolodi zimaphunzitsa mofanana ndi kanema.

Chachitatu, pasiwedi ya Wi-Fi yafalikira. Isintheni teremu iliyonse.

## Mafayilo a pa fulashi asowa kapena asanduka ma shortcut

Ndi vayirasi yoyenda pa mafulashi, yotengedwa kawirikawiri kumalo osindikizira mapepala. Mafayilo sanafufutidwe, angobisidwa. Musadine ma shortcut amenewo, chifukwa kudinako ndiko kumaifalitsa. Pimani fulashi ndi antivirus yosinthidwa posachedwa, kenako pa File Explorer yatsani kuonetsa mafayilo obisika, mukopere anu kwina, ndipo mufufute fulashi yonse. Pimaninso kompyuta iliyonse yomwe fulashiyo inalowamo, apo ayi vuto libwerera mawa. Mayeso ndi malikisi a ophunzira zikhale ndi kope yachiwiri pamalo ena. Ngati fulashi siikuonekanso n'komwe ndipo munali zinthu zofunika, musavomere uthenga wokuuzani kuti muchite format. Pitani nayo kwa katswiri.

## Zida zonse zili bwino, koma ana sakupita patsogolo

Chizindikiro ichi sichiyatsa nyali yofiira paliponse, n'chifukwa chake chimakhalitsa. Mumachiona mukamuuza mwana yemwe wakhala pa tabuleti miyezi ingapo kuti awerenge mawu omwewo pabolodi, n'kulephera.

1. Nthawi ikuthera pogawa. Pa phunziro la mphindi 30, kulowa, kukhala pansi, kugawa, kumasula mawaya opiringizika ndi kutolera zimatha kudya theka. Yesani ndi wotchi tsiku limodzi, kuyambira pomwe belu lalira kufika pomwe mwana womaliza wavala hedifoni. Kukonza kwake: matabuleti ayatsidwe ndi kuyalidwa ana asanalowe, malo okhala akhale odziwika kwa mwana aliyense, ndipo ophunzira anayi kapena asanu odalirika azithandiza kugawa ndi kutolera mzere ndi mzere.

2. Masiku akudumphidwa. Kawiri sabata ino, sabata yamawa osagwira n'komwe chifukwa wosunga kiyi wapita ku maliro kapena ku msonkhano wa ku TDC, malo ochitirako maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi a m'dera. Kuphunzira kuwerenga kumafuna pang'ono tsiku lililonse. Kiyi ikhale ndi anthu awiri, ndipo aphunzitsi onse a makalasi okhudzidwa adziwe kuyendetsa phunziroli, osati mmodzi yekha yemwe anapita ku maphunziro.

3. Wina akuyankhira mnzake. Mapulogalamu ambiri amapereka phunziro molingana ndi mayankho a mwana. Mnzake wochenjera akamudinira, pulogalamu imaganiza kuti mwanayo wadziwa, n'kumupatsa zovuta kuposa msinkhu wake. Mwanayo amagwa ulesi. Aphunzitsi ena achifundo amachitanso chimodzimodzi. Thandizani mwana kumvetsa funso, koma chala chodina chikhale chake.

4. Mwana akungodinadina. Wazindikira kuti akadina mayankho onse, limodzi likhala lolondola. Simungamuone mutakhala kutsogolo mukuchonga makope. Nthawi ya matabuleti si nthawi yopuma ya mphunzitsi. Yendani kumbuyo kwa ana, imani pa mwana mmodzi mphindi imodzi, muchotse hedifoni mbali imodzi, mumufunse kuti, "Akuti uchite chiyani apa?" Akalephera kuyankha, onani kaye ngati mawu akumveka.

5. Za pa tabuleti sizikukumana ndi za m'kalasi. Ana amaziona ngati masewera a chipinda china. Siyani mphindi 5 kumapeto: afunseni malembo kapena manambala omwe akumana nawo, alembeni pabolodi, ana awatchule mokweza ndi kuwalemba m'makope kapena pansi. Kudina chilembo ndi kuchilemba ndi dzanja ndi maluso awiri osiyana, ndipo mayeso amafuna lachiwirilo.

6. Chilankhulo, maso kapena makutu. Mwana yemwe kwawo amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe angafune kuti malangizo oyamba amufotokozere m'chilankhulo chake. Yemwe amayandikitsa sikirini kumaso, kapena amakweza voliyumu mpaka kumapeto nthawi zonse, ayenera kupimidwa. Uzani makolo apite naye kuchipatala, ndipo dziwitsani mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera kudzera kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale m'dera lanu.

## Mwatumiza ntchito pa WhatsApp, ayankha ndi ochepa

1. Foni si ya wophunzira. Ndi ya bambo, mayi kapena achimwene, ndipo imafika pakhomo usiku. Perekani masiku awiri kapena atatu, osati maola, ndipo tumizani pa tsiku ndi nthawi yodziwika sabata iliyonse.
2. Fayilo ndi yaikulu kapena siikutseguka. PDF ya masamba ojambulidwa ndi kamera imalemera, ndipo mafoni ena alibe potsegulira mafayilo a Word. Mafunso ochepa alembeni mu uthenga weniweniwo.
3. Ntchito yamira m'macheza. Moni, mapemphero ndi zithunzi zakwirira uthenga wanu. Khalani ndi magulu awiri: lina lotumiza aphunzitsi okha, lina la mafunso.
4. Malangizo sakumveka. Nenani chochita, polemba, njira yobwezera ndi tsiku lomaliza, m'mizere inayi.
5. Ntchito yam'mbuyo sinachongedwe. Wophunzira yemwe anagula bandulo n'kutumiza ntchito osalandira yankho satumizanso.

Ena alibiretu foni, ndipo sadzanena pagulu. Chilichonse chotumizidwa pa foni chiikidwenso papepala pa bolodi la zidziwitso, ndipo malikisi asadalire kukhala ndi bandulo.

Pagulu la ana osakwana zaka 18 pakhale aphunzitsi awiri oyang'anira, makolo adziwe za gululo, ndipo mphunzitsi asamacheze ndi wophunzira kumbali. Mukaona zithunzi zolaula, munthu wachilendo yemwe akufuna manambala a ana, kapena mwana yemwe akuopsezedwa, musafufute umboni ndipo musautumize kwa ena. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, ndipo imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi.

## Zomwe simuyenera kuchita nokha

- Kutsegula tabuleti, laputopu, inveta kapena kontrola.
- Kusintha kapena kuonjezera mawaya a sola ndi a magetsi a m'nyumba. Ntchitoyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta.
- Kulumikiza batire la galimoto kapena batire latsopano ku lakale.
- Kufufuta zonse pa tabuleti ya pulogalamu. Maphunziro a m'katimo angachoke osabwereranso.
- Kupititsa chida cha sukulu kwa okonza mafoni pamsika popanda chilolezo.
- Kuyatsa chida chomwe chanyowa. Chizimitseni, chipukuteni, musachitchaje, chiperekeni.

Zida zikabedwa, musagwiregwire pamalopo. Dziwitsani polisi, komiti ya sukulu, amfumu ndi a PEA, mutatenga mndandanda wa manambala a zidazo.

## Poitana katswiri, mupatseni izi

Mmisiri wochokera kutali akauzidwa kuti "sizikugwira ntchito" basi, amabwera wopanda chida choyenera, ndipo ulendo wachiwiri ungatenge mwezi. Sungani kope limodzi m'chipinda cha zida, ndipo pa vuto lililonse lembani:

- nambala ya chida ndi mtundu wake;
- tsiku ndi nthawi yomwe vuto linayamba;
- zomwe mukuona, kumva kapena kununkhiza, kuphatikizapo mtundu wa nyali yomwe ikuyaka kapena kuphethira;
- uthenga wa pasikirini monga mmene walembedwera, kapena chithunzi chake;
- kuchuluka kwa zida zomwe zakhudzidwa;
- zomwe mwayesa kale ndi zotsatira zake;
- pa sola, nambala ya pa kontrola ya m'mawa ndi ya madzulo kwa masiku 7, ndi tsiku lomwe mapanelo anatsukidwa komaliza.

Tumizani chithunzi cha tsambalo kwa mmisiri asananyamuke, kuti adziwe ngati abwere ndi fyuzi, zingwe, mahedifoni kapena batire.